Mwana wanu asasiye chemistry

Achemwali, mukufunsa ngati mwana wanu asiye chemistry n'kupita ku physics kuti adzachite kafukufuku wa atomu. Mwana wanuyo asasinthe maphunziro. Kafukufuku wa atomu si wa anthu a physics okha, ndipo nthambi ya physical chemistry (chemistry yogwiritsa ntchito malamulo a physics) imene akuikondayo ndi khomo lenileni lolowera kumeneko.

Muuzeni za Harold Urey wa ku America. Anayamba ndi uphunzitsi m'masukulu a kumudzi, ndipo digiri yake yoyamba ku Montana inali ya sayansi ya zinyama! Chemistry anaizamira pambuyo pake ku yunivesite ya California ku Berkeley, kenako anakakhala chaka ku Copenhagen kwa Niels Bohr, katswiri wotchuka wa sayansi ya atomu. Mu 1931 ali ku yunivesite ya Columbia, iye ndi anzake awiri anasandutsa nthunzi pang'onopang'ono hydrogen wamadzimadzi, ndipo m'kadontho kotsalako anapezamo deuterium, hydrogen wolemera kawiri. Mu 1934 analandira mphoto ya Nobel. Nthawi ya nkhondo yachiwiri anatsogolera ntchito yolekanitsa mitundu iwiri ya uranium, uranium-235 ndi uranium-238, pokonza bomba la nyukiliya, ntchito yovuta chifukwa ziwirizi zimasiyana kulemera kokha. Nkhondo itatha anadzudzula poyera zida za nyukiliya. Anamwalira mu 1981.

Ine pophunzitsa ndaona kuti chimene chimagwetsa ana ambiri ndi masamu. Maphunziro a thermodynamics (za kutentha ndi mphamvu) ndi quantum mechanics (za kachitidwe ka tinthu tating'ono ngati atomu) sakhululuka, choncho masamu a calculus awagwire zolimba kuyambira chaka choyamba.

Za makosi oti asankhe, akakambirane ndi mlangizi wa kudipatimenti yake. Ndipo akadzayamba kugwira zinthu zotulutsa radiation (mphamvu yosaoneka imene ingavulaze thupi), asachite chilichonse asanaphunzitsidwe ndi katswiri wa chitetezo mulabu, yemwe adzamupatsanso kachipangizo koyeza radiation imene thupi lalandira.