Amayi, musaike simenti pa njerwa zakalezo

Mayi wina wandilembera kuti bambo ake anamusiyira sitolo yakale ya njerwa, ndipo mmisiri akuti aimate pulasitala wa simenti kumaso konse kuti ioneke yatsopano. Funso lake n'lakuti: ndivomere?

Amayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu ndipo yandikhudza, chifukwa zimene akukuuzanizo ine ndinazichita kale. Zaka zapitazo abale anandisiyira udindo wosamala nyumba yotereyi. Matope a pakati pa njerwa ankayoyoka ndikangokanda ndi chala, ndiye ndinkati akale ankamanga mosauka. Ndinagula simenti, mmisiri n'kudzaza mizere yonse, ine mtima m'malo. Mvula itagwa zaka zitatu, nkhope za njerwa zinayamba kusendeka. Simenti ili gwaa, njerwa ikufumbutuka m'kati mwake. M'mawa uliwonse ndinkasesa tizidutswa tofiira m'tsinde mwa khoma, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Sindinkadziwa kuti matope aja anali a laimu ndi mchenga, ndiponso kuti kufewa kwake kunali ndi phindu. Simenti ya Portland, imene timamangira masiku anoyi, anailembetsa Joseph Aspdin ku England mu 1824, koma panapita zaka zambiri amisiri akumangabe ndi laimu. Njerwa zakale n'zofewa, chifukwa m'mauvuni akale moto sunkafika mofanana ponseponse, ndipo zimamwa madzi. Laimu amalola chinyezi kutulukira m'mizere. Mukatseka mizereyo ndi simenti, madzi amadutsa mu njerwa yeniyeniyo, mchere wa m'madziwo n'kuumira kunsi kwa nkhope yake, n'kuisenda. Matope akatha mumaikanso ena. Njerwa ya zaka 100 ikatha muitenga kuti?

Ndipo ndinene mosabisa: kumata pulasitala kumaso kwa sitolo yakale ndi kufufuta mbiri, ngakhale khomalo likanapanda kuwonongeka. Taimani kutsidya kwa msewu muyang'ane bwino. Pansi pali magalasi aakulu, pamwamba khoma lolemera. Chikulinyamula n'chiyani? Kawirikawiri ndi mtanda wachitsulo kapena wa mtengo, wokhala pa mizati yowonda, kuti katundu aoneke kwa odutsa. Chitseko chimalowa m'kati pang'ono, kuti wogula abisale mvula kwinaku maso ali pa katundu. Timazenera ta pamwamba pa chitseko si tokongoletsa chabe: magetsi asanafale, tinkalowetsa kuwala mpaka kumapeto kwa sitolo yaitali. Cha m'ma 1890 kampani ya Luxfer ku Chicago inkagulitsa timagalasi tamizeremizere topinda kuwala kwa dzuwa kuti kufike m'katikati. Ine zimenezi zimandisangalatsa kwabasi, munthu kuganiza mpaka pamenepo.

Ngati nyumbayo ndi yosanja, m'mwambamo nthawi zambiri ndimo munkagona banja la mwini sitolo, n'chifukwa chake mazenera ake ndi aang'ono, ena okhala ndi njerwa zopindika ngati uta pamwamba. Kumtunda kwenikweni khoma limapitirira denga, njerwa zitasanjidwa motulukira pang'onopang'ono, ndipo pena mumapezapo chaka kapena dzina.

Onaninso kayalidwe ka njerwa. Mzere wina zitagona m'litali, wotsatira zikungoonetsa mitu, ndiko kumanga kotchedwa English bond. Zikamasinthana mu mzere umodzi, ndi Flemish bond. Mitu imeneyo ikukuuzani kuti khomalo n'lochindikala ndipo njerwa zamanga kunja ndi m'kati pamodzi. Pakhoma la m'mbali mungapeze zilembo zofufutika za malonda akale. Ine zanga ndinazipaka penti ndisanaziwerenge n'komwe, ndipo palibenso wamoyo woti andiuze zimene zinalembedwapo.

Nanga muchite chiyani?

Musavomere. Yambani mwajambula zithunzi khoma lonse. Konzani denga ndi mipaipi yotsitsa madzi, chifukwa kawirikawiri chinyezi chimachokera kumeneko. Matope oyoyoka awakokote ndi manja, osati ndi makina, n'kuikamo a laimu ndi mchenga, ndipo ayambe ayesa kaye pamalo pobisika. Potsuka, madzi ndi bulashi yofewa n'zokwanira. Mmisiri wanuyo akati laimu ndi zachikale, funani wina, amayi.