Funsani Amakaniko: galimoto yozimitsira moto ikakalamba kuchigwa

Makalata atatu a mwezi uno achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo onse akudandaula za galimoto zakale zozimitsira moto zomwe zili kutali ndi galaji.

*Pampu yathu imaponya bwino madzi a m'thanki, koma tikaika payipi mu Shire kuti tidzaze, imangolira osakoka ndi dontho lomwe. Kodi yatha ntchito? (Wozimitsa moto, Nsanje)*

Bambo, musaiweruze msanga. Pampu yaikuluyo imakankha madzi, koma siitha kuyamwa mpweya. Madzi a m'thanki amatsikira okha m'pampu, n'chifukwa chake vuto limabisika. Kumtsinje kumafunika kapampu kakang'ono kotchedwa primer, kochotsa mpweya m'payipi kuti madzi akwere. Pakangokhala kabowo kolowetsa mpweya, ngakhale kochepa ngati diso la singano, madzi sakwera.

Yesani pabwalo pomwepo, popanda madzi. Khuthulani pampu, tsekani mavalavu onse, vundikirani polowera madzi, lizani injini ndi kuyatsa primer. Geji ya mphamvu yokoka (vacuum) ifike pa 0.8 bar pasanathe masekondi 30 kapena kupitirirako pang'ono. Kenako zimitsani, muyang'ane muvi kwa mphindi imodzi. Ukabwerera m'mbuyo ndi muyezo woposa 0.1 bar, mpweya ukulowa penapake. Musachedwe poyesa, pakuti pampu yozungulira youma imapsereza masilo. Bwerezaninso mutalumikiza mapayipi okokera, imodziimodzi, ndipo yoboola idzadziulula yokha.

Kawirikawiri wolakwa ndi timalabala tozungulira ta m'malumikizo. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, kopyola madigiri 40, kumatiumitsa mpaka kung'aluka. Tindalama take n'tochepa, komabe timaimitsa galimoto yonse. Onaninso timipopi tokhuthulira madzi pansi pa pampu, komanso paking'i, chingwe chotsekera madzi chokulungidwa pa shafuti. Pampu zakale za paking'i zimayenera kudontha pang'onopang'ono zikamagwira ntchito kuti shafuti izizizira. Mukamanga mpaka dontho kusowa, shafuti imatentha ndi kudyeka. Primer ina yakale ili ndi kathanki kake ka oyilo komwe ambiri amakaiwala.

Zonsezi zikakhala bwino, nkhani yatsala kumtsinje. Pampu zambiri zimapereka mphamvu yake yonse pamene madzi ali mamita atatu pansi pake. Kupyola mamita asanu ndi awiri n'kudzivuta chabe, ndiye m'chilimwe madzi akatsika, sakani gombe lotsika koma louma, loti silingamize matayala. Sefa ya kumapeto kwa payipi imire theka la mita, koma isakhudze pansi. Ilowetseni m'dengu ndi kuimangirira ku chigubu chopanda kanthu kuti ilendewere pakati pa madzi. Dengulo limatchinga namasupuni ndi zinyalala, ndipo kulendewerako kumapewa mchenga, womwe umapala impela, chozungulira chokankha madzi m'pampu, ngati sandipepa. Tikupempheni ndithu: payipiyo muziitsitsa ndi chingwe, musatume mnzanu kulowa m'madzi. Mu Shire muli ng'ona.

Mukamva pampu ikulira ngati mwalowa timiyala, ikusowa madzi. Chepetsani moto wa injini msanga, mukaone sefa. Pobwerako tsukani pampu ndi madzi oyera kwa mphindi zisanu. Koma lawani kaye madzi a pamjigo, chifukwa mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi yamchere, ndipo mchere ukagona m'thanki yachitsulo kapena m'pampu ya aluminiyamu umadya mwakachetechete.

*Galimoto yathu imatha mwezi osatuluka. Tsiku la moto, batire imapezeka yafa, kapena ikalira timadikira mphindi khumi kuti mabuleki amasuke. Anthu amatinyoza kuti timafika nyumba itasanduka phulusa. (Dalaivala, Chikwawa)*

Achimwene, mawu amenewo amapweteka, makamaka kwa munthu amene wathamanga ndi mtima wonse. Chimene chikupha galimoto yanu ndi kukhala, osati ukalamba wokha.

Yambani ndi mabatire. Galimoto zazikuluzi zimakhala ndi awiri a mavoti 12, opanga 24. Pimani iliyonse payokha injini itapuma usiku wonse: yodzaza imaonetsa pafupifupi 12.6, ndipo ikatsika kupyola 12.4 ikufuna kutchajidwa. Injini ikulira, onse awiri aonetse pafupifupi 28. Kuchepera pamenepo, onani lamba ndi olitaneta. Kutentha kumaumitsa madzi a m'batire msanga, choncho tsegulani timabowo pa masabata awiri aliwonse ndi kuthira madzi a batire ogula, osati a pamjigo. Ina ikafa, sinthani zonse ziwiri, chifukwa yakale imakokera yatsopano kumanda. Kumene magetsi ndi osadalirika, kasola kakang'ono kokhala ndi regyuleta ya mavoti 24 kamasunga mabatire ali odzaza.

Mabuleki oimikira amagwidwa ndi masipuling'i, ndipo samasuka mpaka mpweya utakwana m'mathanki. Ngati mathanki akutha usiku umodzi, pali potuluka. Dzazani mpweya, zimitsani injini, pakani thovu la sopo m'malumikizo onse. Pofufuma thovu ndi pomwepo. Kokani kamphete ka pansi pa thanki iliyonse tsiku ndi tsiku. Mukatuluka madzi, sefa youmitsa mpweya yatha, ndipo imeneyi isinthidwe chaka chilichonse. Mukatuluka oyilo wambiri, kompuresa yatopa.

Chizolowezi choliza injini mphindi zisanu ili poima ife sitichivomereza konse. Mphindi zisanuzo sizikwanira kudzaza batire, ndipo injini siitentha mokwanira. Sabata iliyonse iyendetseni makilomita 15 kapena 20, pobwera mulowetse PTO, giya yopereka mphamvu ya injini ku pampu, ndi kuzunguza madzi kubwerera m'thanki kwa kotala la ola, mukutsegula ndi kutseka valavu iliyonse. Dizilo wake ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wa nyumba ya munthu. Thanki ya dizilo izikhala yodzaza kuti isachite thukuta mkati, ndipo kakapu kolekanitsa madzi kazikhuthulidwa sabata iliyonse.

Kuno madzi osefukira ndi achizolowezi, monga zinalili ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Galimoto ikawoloka madzi ofika pakati pa matayala, tsegulani dayifu, bokosi la magiya la pakati pa matayala, muone oyilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Sinthani tsiku lomwelo ndi kupopera girizi watsopano.

*Tikatuma munthu ku Blantyre kukagula sipeya, amabwera ndi chosakwana. Titani? (Woyang'anira zipangizo, Ngabu)*

Bambo, galimotoyi ili ndi makolo awiri. Injini ndi tchasisi ndi za kampani ina, pampu ndi ya inanso, monga Godiva, Rosenbauer kapena Morita. Jambulani pa foni kachitsulo ka nambala ya tchasisi ndi ka papampu, ndipo wokwera chitunda cha Thabwa kupita ku Blantyre anyamule chakalecho m'manja. Ogulitsa sipeya za malole sadziwa za pampu, koma mabering'i, masilo ndi timalabala amapezeka poyeza kukula kwake kwa ogulitsa zipangizo za mafakitale ndi za ulimi wothirira. Pamalo panu pogwirira ntchito musasowe masefa awiri a dizilo, lamba wa fani, timalabala ta mapayipi, paking'i ndi mafyuzi.

Matayala musawaone mano okha. Manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo DOT pambali pa tayala amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2314 ndi sabata ya 23 ya 2014. Tayala la zaka khumi lichoke ngakhale likuoneka latsopano, pakuti malita 4,000 a madzi ndi matani anayi, ndipo phula la msewu wa M1 masana limatentha kwambiri.