Msuweni, za dzina la mwanayo tamvera

Eee, msuweni, ndauona uthenga wako pagulupa. Kulemba sinditha, m'manja muli mamba okhaokha, ndikupala nsomba, ndiye ungomvera. Wafunsa kuti pa fomu ya kalata yakubadwa mulembe liti, la Puna lomwe mukumuitanira kunyumbalo, kapena lomwe anatchula apongozi ako tsiku lotuluka m'chikuta.

Hmm. Iwe ndimakudziwa. Nkhani si fomu ayi. Dzina la apongozilo silinakulowe mumtima, ndiye ukufuna wina pagulu pano akuuze kuti lemba Puna, kuti mawa udzati anandiuza ndi abale. Ukukana? Usakane, za diresi lija la pachinkhoswe tonse tikuzikumbuka.

Taima kaye, ndikuuze za amalume aku Malindi. Ayi, osati aang'ono aja, akuluwo, a ngalawa. Iwe unawapeza ali kale a Kambuzi, eti? Limene lija si dzina lawo. Agogo ndi amene anawatcha choncho chifukwa anabadwa ochepa thupi, kamwana kongokwana m'manja, ndipo anthu sankakhulupirira kuti kakhala. Kanakhala! Atapita ku jando anabwerako ndi dzina lina, ndipo ukudziwa mwambo wake, munthu akatuluka kumeneko la paubwana suliyerekezanso, ndi chipongwe. Koma iwowa la Kambuzi linawakana kuchoka, chifukwa kudoko asodzi anzawo analigwira kale. Kenako ubatizo ku mishoni ya Anglican konko ku Malindi, dzina lachitatu. Kusukulu aphunzitsi analemba la ubatizolo, koma malembedwe ake, aaa, m'mene anamvera iwowo.

Ndiye 2017 ija, nthawi yolembetsa ziphaso za unzika... eya, 2017, chaka chomwe tinafolera nyumba ya amayi. Amalume pamzere paja atafunsidwa dzina anapereka la ku jando, poti ndi lomwe ankaliona laulemu. Palibe anaganizapo kanthu. Mpaka mwana wawo uja wa ku Joni anatumiza ndalama ya injini, analembapo dzina la ubatizo, lomwe iye ankaliona pa makalata a tchalitchi. Amalume anavala jekete, anakwera galimoto mpaka pa boma, anawoloka mlatho ali mwee, akuwerengera kale za usipa. Kufika pa ajenti, mtsikana anayang'ana chiphaso, anayang'ana foni, akuti bambo, munthu uyu si inu. Amalume akuti mwanawe, funsa aliyense kuyambira ku Malindi mpaka ku Makawa, ine ndine Kambuzi! Mtsikana uja akuti limenelonso silili pena paliponse. Anthu pamzere kuseka. Koma msuweni, ine sindinaseke atandifotokozera. Anabwerera ndi kalata ya amfumu, osatheka. Mpaka mwanayo anakasintha yekha dzina kumene anatumizirako, uku amalume atadya kale ndalama yambiri ya thiransipoti, nyengo ya usipa ikupita. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, kuima pagulu kumachonderera kuti ine ndine ine. Zinandiwawa.

Nanga ndimati chiyani... eya. Masiku ano si kale. Kuyambira 2015 kulembetsa mwana ndi lamulo, ndipo a NRB, bungwe la boma lolemba anthu m'kaundula, amafuna kuti zichitike pasanathe masabata 6 chibadwire. Dzina lomwe mulembe pamenepo ndi lomwe likamudikire ku mayeso a MANEB, pa chiphaso akadzakwana zaka 16, pa pasipoti, ku banki, ngakhale pa simu khadi. Kudzasintha pambuyo pake ndi makalata olumbira ndi maulendo osatha.

Ndiye ine ndikuti, papepala lembani dzina loti mwanayu adzayende nalo ali mayi wamkulu, ndipo likhale limodzi, malembedwe amodzi, kuyambira pa buku la kusikelo. Puna ndi lokoma, inenso ndizimuitana choncho, koma silifuna pepala. Ona a Kambuzi, analilemba ndani? Koma lafika mpaka kwa zidzukulu.

Tsono za apongozi akozo. Ngati dzinalo likukuwawadi, mwina ndi la munthu amene mbiri yake sukuifuna pa mwana wako, usabisale kuseri kwa Puna. Uwauze bambo a mwanayo, mupite awiri, mukhale pansi ndi mayiwo. Ndi mwana woyamba, kwathu kuno akuchimuna ndi amene amatchula, ndipo mayi aja anapereka ndi kandalama komwe potchula, sungangowalumpha akazamve kwa anthu. Fomu ili ndi malo a maina awiri, iwe ukhoza kuika lako patsogolo, lawo pakati. Lako lenileni koma, osati Puna.

Wandimva? Lenileni papepala, Puna pakhonde, apongozi uwauze pamaso. Osamayankhula ndi gulu, yankhula ndi apongozi.

Iii, mphaka uyu andibera nsomba... choka! Ndiye ndimati, dzina limodzi papepala, ndipo mayi aja amve kwa iwe. Mukalemba fomuyo unditumizire chithunzi musanapereke, ndione malembedwe, chifukwa bambo a Puna aja zolemba zawo timazidziwa tonse.