Mwana wanu waphwasula tochi? Tabuleti ija idikire kaye asisi

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wanditumizira imelo, ndiye ndati ndiwayankhe pompano poti nkhaniyi ikuvuta makolo ambiri. Akuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 4 amangofunsa mafunso kuyambira podzuka mpaka pogona, tsiku lina anaphwasula tochi kufuna kuona komwe kumachokera kuwala, ndipo apongozi awo akuti mwanayo akulekereredwa, adzakhala wamwano. Iwowo amagulitsa tomato ndi anyezi kumsika, ya nazale ya pulaiveti alibe, ndiye akufunsa ngati kuli bwino kutenga ngongole ku banki m'khonde amugulire tabuleti kuti aziphunzirirapo m'malo mosokosa.

Asisi, ngongole imeneyo musatenge. Mwana wanuyo ali bwinobwino, ndipotu chimene chikukutopetsanicho ndi chimene aphunzitsi amachisowa mwa ana ambiri. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 analangiza kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asamapitirire ola limodzi patsiku atangokhala phee kuyang'ana sikirini, ndipo kuchepa ndiye kwabwino. Tabuleti imukhalitsadi chete, zimenezo sindikana, koma kukhala chete si kuphunzira ayi.

Ganizirani komwe akupita. Chiyambireni sukulu yaulere mu 1994 ana anachuluka kwambiri m'mapulaimale, moti Sitandade 1 ya ana opitirira 100 kwa mphunzitsi mmodzi si yachilendo. Akadzayamba pa zaka 6, mphunzitsi ngakhale atakhala wabwino mtima bwanji sangayankhe funso la mwana aliyense, ndiye ngati mafunsowo sakuyankhidwa pakhomo ayankhidwa kuti?

Inuyo muli kale ndi sukulu pa benchi yanu ija. Muuzeni aike tomato anayianayi pa mulu, asankhe akupsa ndi aawisi, aone kuti mukachotsa mmodzi kupatsa wogula atsala angati. Amenewo ndi masamu enieni, ogwirika ndi manja. Mukafika kunyumba tsiku lophika thobwa muitaneni pafupi. Alawe phala lija musanathire chimera, kenako muthire, muvundule, aone mmene phala lolimba lija likusungunukira, ndipo pakapita nthawi alawenso. Akufunsani kuti "amama mwathira shuga?" ndiye mumuuze kuti ayi, mbewu ikamera imakhala ndi mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga. Mawa lake muviikireni nyemba zisanu, aziike pa kansanza konyowa m'chibotolo chodula, aziona yekha kamuzu kakutuluka. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi zikamauluka, musamangomutuma kukatola, mupite naye pachulu aone kuti ngumbizo ndi chiswe chomwe chija, chamera mapiko kuti chikayambitse chulu china.

Ndikudziwa kuti pena mumabwera mutatopa, malonda sanayende, makala akwera, mwana n'kumakufunsani chifukwa chake mwezi ukumulondola. Simukuyenera kudziwa zonse. Kungomufunsa kuti "iwe ukuganiza kuti n'chifukwa chiyani?" kumakwana, mumve zimene anene, ndipo mukatopa zenizeni muuzeni kuti asunge funsolo mukambirana mukadya nsima, koma mukwaniritsedi. Chomwe chimandipweteka ine ndi mau aja akuti "khala chete, umalongolola", chifukwa mwana akawamva kangapo amasiyadi, ndipo amasiyira limodzi ndi kukuuzani pamene wina wamuchita zoipa kunjira. Mwana womasuka kufunsa za mwezi ndi yemweyo amene adzamasuke kunena kuti wina wamugwira posayenera.

Za tochi. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu ali mwana ankaphwasula mawailesi kufuna kudziwa kuti mau akuchokera pati. Nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 anasiya sekondale makolo atalephera fizi, koma ankapitabe ku kalaibulale kakang'ono, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi njinga yakutha, dainamo, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, anthu akumunena kuti wapenga. Mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America. Sikuti mwana aliyense wophwasula tochi adzafika kumeneko, komabe akanamulanda mawailesi aja n'kumukwapula mwina bwenzi lero sitikumudziwa. Ndiye mupezereni katoni yake, muziikamo zinthu zakufa kale, tochi yoonongeka, loko wosagwira, mawaya opangira galimoto, zitsekero za mabotolo, ndipo lamulo likhale lomveka kuti za m'katoni ndi zake, zina zonse apemphe kaye. Mabatire muzichotsa, makamaka timabatire ting'onoting'ono tangati mabatani tija, mwana akameza timaotcha kummero, ndipo soketi ya magetsi asayandikire n'komwe.

Apongozi anu musalimbane nawo, nawonso ali ndi mfundo. Mwana ayenera kudziwa kuti akuluakulu akamayankhula sadula mkamwa, alendo akabwera amapereka moni n'kudikira. Zimenezo muphunzitseni, sizitsutsana ndi kufunsa. Kenako agogowo muwapatse gawo lao, madzulo amuuze nthano, iwo "padangokhala" iye "tili tonse", amuponyere ndagi, amuphunzitse bawo. Chilapi ndi funso lomwe wamkulu amafunsa mwana, ndiye muona kuti awiriwo agwirizana msanga kuposa mmene mukuganizira.

Chinanso, mutu sugwira m'mimba muli zii. Phala la m'mamawa muzithirako nsinjiro kapena ufa wa soya, dzira likapezeka, ndiwo zamasamba, kachipatso kalikonse ka nyengo yake. Kusikelo musasiye mpaka akwane zaka 5, kumeneko amalandira vitamini A ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Azigona msanga, azisewera panja ndi anzake masanje ndi mpira wachikulunga. Funsaninso kutchalitchi, kumzikiti kapena kwa amfumu a m'dera lanu ngati kuli sukulu ya mkombaphala, zambiri zimangofuna kachopereka kochepa, ndipo Loweruka lina mukapeza ya minibasi mupite naye ku National Library ku City Centre akagwire mabuku a zithunzi ndi manja ake.