Ampu ya bezi yopepuka koma ya saundi yakale ija, yankho kwa achimwene a ku Rosettenville

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena akumudzi omwe akukhala ku Rosettenville. Iwowa amayimba bezi kutchalitchi kwawo, tchalitchi cha Amalawi chomwe chimasonkhana mu holo ya lendi mtauni, komanso ali mu kabandi komwe kamayitanidwa ku maukwati ndi zinkhoswe za anthu akwathu kuno ku Joni. Vuto lawo ndi loti ampu yomwe ali nayo ndi chimphona chakalekale cholemera kwabasi, iwo amakhala pa fulati yam'mwamba yopanda lifiti, galimoto alibe, nde Lamulungu lililonse kumakhala kutsitsa chinthucho masitepe, kuchikweza tekisi nkulipira mpando wake, madzulo kuchikwezanso. Msana wayamba kudandaula. Akufuna ampu yopepuka koma yotulutsa bezi yonona, yokhuthala, ngati ya pa malekodi akale a reggae ija, osati yolira ngati zitini. Anzawo awauza kuti saundi imeneyo siyingatheke popanda ampu ya machubu, timababu tagalasi tomwe timakuza mawu mu maampu achikale, ndipo ya machubu ndi yolemera basi. Funso lawo: ndi zoona? Nanga ndigule iti?

Achimwene, si zoona ayi. Anzanuwo ali ndi kachidutswa chabe ka choonadi. Ndiyambe ndi yankho lenileni kuti olo mutopere panjira mukhale mutalimva: gulani combo, ampu ndi sipika mu bokosi limodzi, ya sipika imodzi ya mainchesi 15 ya mawatsi 200, monga Fender Rumble 200 kapena Ampeg Rocket Bass RB-115, zonse ziwiri zili pa makilo 15 mpaka 16, ndipo ndalama yotsala mugulire mawaya a gitala osalala otchedwa flatwound. Tsopano ndifotokoze chifukwa chake, poti mukamvetsa komwe saundiyo imachokera palibe wogulitsa angakupusitseni.

Saundi yomwe anthu amayitcha yakale ija, ambiri akamayikamba amakhala akuganiza za Ampeg B-15, yomwe inatuluka mu 1960, anayikonza ndi Jess Oliver. Kanali ka ampu ka machubu, sipika imodzi ya 15, mphamvu yake mawatsi 25 mpaka 30 basi, ndipo mutu wake, chigawo cha magetsi chokhala pamwamba pa bokosi la sipika, umatembenuzika nkulowa m'bokosi pofuna kunyamula. Oyimba bezi a ku Motown, kampani ya malekodi ya ku America, ngati James Jamerson dzina lawo limayendera limodzi ndi ampu imeneyi. Kenako mu 1969 kunabwera SVT ya mawatsi 300, mutu wokhawo pafupifupi makilo 38, osawerengera chibokosi chake cha masipika 8 chomwe chimafuna anthu awiri amphamvu. Nde anzanuwo akamati saundi yakale ndi yolemera akunena zimenezi. Koma chomwe chimalemera mu maampu amenewa si saundi ayi, ndi matransifoma achitsulo ndi kopa omwe machubu amafuna, maginito akuluakulu a masipika, komanso matabwa okhuthala. Masiku ano kuli zomwe amati class D, komwe chigawo cha mphamvu chimakhala kabolodi kakang'ono kosafuna chitransifoma, kuli maginito a neodymium omwe ndi opepuka kwambiri koma amphamvu, mabokosi nawo akupanga ndi pulayiwudi yopepuka. Ndi chifukwa chake lero mutu wa mawatsi 500 ngati Aguilar Tone Hammer 500 sufika ndi makilo 2 omwe, umalowa mchikwama cha laputopu.

Nanga kunonako kumachokera kuti? Apa nde pamene ndikufuna tichedwepo.

Choyamba, mabokosi akale analibe twita, kasipika kakang'ono ka mawu osongoka kaja. Sipika ya 15 payokha siyikwera kwambiri m'mwamba, nde phokoso lonse la zala pa waya, kugunda kwa waya pa mafureti, tizitsulo ta pa khosi la gitala, ka tsii tsii konse kaja, kamafera momwemo osafika m'makutu. Chomwe chimatsala ndi thupi la notsi. Mbali yayikulu ya zomwe inu mukumva ngati kunona kwenikweni ndi kusowa kwa mawu am'mwamba, osati kuchuluka kwa am'munsi. Anthu ambiri apa ndi pomwe amasochera, amapotokola nobu ya bass mpaka kumapeto poganiza kuti akunonetsa, mapeto ake holo yonse imangoti wuuu, manotsi osamveka, abusa nkumakodola kuti tsitsani.

Chachiwiri ndi chomwe anzanu aja akulondola. Machubu mukawakankha amapanikiza saundi pang'ono, notsi yomwe mwamenya mwamphamvu siyidumpha ngati mbama, imafewa nkukhala ndi kaubweya pang'ono m'mbali. Zimenezi ndi zokoma ndithu ndipo ine ndimazikonda. Koma makampani anaphunzira kuzitsanzira bwino, ndipo mu holo momwe muli ng'oma, kiyibodi ndi kwaya, kusiyana kwa chubu chenicheni ndi chotsanzira ndi kochepa kwambiri moti sikoyenera kuthyolera msana.

Chachitatu, chomwe kwa ine ndi chachikulu kuposa zonse, ndi mawaya ndi dzanja lanu. Nthawi imeneyo oyimba bezi ambiri amagwiritsa mawaya a flatwound, osalala aja oti mukayendetsa chala simumva tizidutswa, ndipo gitala ya bezi ya Fender Precision yakale imabwera ndi kasiponji pansi pa chivundikiro cha pa buliji, chitsulo chomwe chimagwira mawaya pa thupi la gitala, kuti notsi isalire nthawi yaitali. Mawaya omwe amabwera ndi gitala zambiri za lero ndi a roundwound, owala, okanda. Mutha kugula ampu yodula bwanji koma ngati muli ndi maroundwound atsopano ndipo mukumenyera pafupi ndi buliji, muzimva chitsulo basi. Ikani maflatwound, a La Bella ndi odziwika pa saundi imeneyi koma a D'Addario kapena a Fender nawonso ali bho, ndi odulirapo inde koma amakhala zaka osasintha ndipo akamakalamba ndi pomwe amakoma. Dulani kasiponji kotsukira mbale, katsopano, mukalowetse pansi pa mawaya pafupi ndi buliji kuti kangowakhudza pang'ono. Nobu ya tone pa gitala ibwezeni mpaka theka. Dzanja lamanja lisunthireni kufupi ndi khosi la gitala, muzimenya ndi mnofu wa chala osati nsonga, mofatsa, volyumu ikwezedwe ndi ampu osati mphamvu zanu. Yesani izi pa chimphona chomwe muli nacho panopa musanagule kalikonse, mumva nokha kuti theka la saundi yomwe mukuyisaka inali kale m'manja mwanu.

Tibwere ku maampu. Rumble za Fender zomwe zili pamsika panozi zinayamba mu 2014 ndipo zinatchuka chifukwa cha kupepuka. Rumble 100 ili ndi sipika ya 12 ndipo ndi makilo 10 okha, mumanyamula ndi dzanja limodzi gitala ili kumsana. Rumble 200 ndi ya 15 ija. Rumble 500 ili ndi masipika awiri a 10, kulemera kwake kungoposa kwa Rumble 200 pang'ono. Zonsezi zili ndi mabatani atatu, Bright, Contour ndi Vintage. Lanu ndi la Vintage, limadula zam'mwamba nkuwonjezera kupanikiza kuja. La Contour lisiyeni, limachotsa zapakati, mukamayimba nokha kuchipinda limamveka ngati zakumwamba koma bandi ikangoyamba mumasowa. Pa 200 ndi 500 pali kaswitchi kothimitsira twita, thimitsani. Chimodzi choti mudziwe, nambala yolembedwa pa bokosi si yomwe mumapeza nthawi zonse: Rumble 200 payokha imatulutsa mawatsi 140, 200 yonseyo imabwera mukalumikiza bokosi lina la sipika lolembedwa 8 ohms, chimodzimodzi 500 payokha ndi 350. Si chinyengo, ndi mmene maampu amagwirira ntchito, ma 8 ohms awiri amapanga 4 ndipo ampu imatulutsa zambiri pa 4.

Rocket Bass za Ampeg zinabwera mu 2021, kampaniyo itagulidwa kale ndi Yamaha mu 2018. RB-112 ndi ya mawatsi 100, RB-115 ya 200, RB-210 ya 500. Zili ndi kachigawo kotchedwa SGT kowonjezera kaubweya kaja, mukakatsegula pang'ono pokha, osati mpaka kukhala ngati gitala ya rock, kamakupatsani kukoma kwa ampu yakale yomwe yatenthedwa bwino. Kukhutu kwanga Ampeg ili pafupi kwambiri ndi saundi yomwe mwafotokoza mu imelo yanu, zapakati zake ndi zokhuthala mwachibadwa osachita kuzisaka. Rumble imapambana poti ndi yofala, nde ya kaunjika siyivuta kuyipeza ndipo tsiku lomwe mudzafune kuyigulitsa wogula sasowa.

Markbass ya ku Italy, ya masipika achikasu ija, ili ndi nobu yotchedwa VLE yomwe ntchito yake ndi yomweyi, kudula zam'mwamba kuti bokosi limveke ngati lakale. Ndi katundu wabwino zedi, wopepuka, koma mtengo wake kuno ndi wina. Mukayipeza ya kaunjika pa mtengo wabwino musayisiye.

Ngati mtima wanu wakakamira pa machubu enieni, njira ilipo. Orange Terror Bass ili ndi chubu kutsogolo, mphamvu yake ndi ya class D, mawatsi 500, makilo osafika 5. Ampeg PF-50T ndi ya machubu okhaokha, mawatsi 50, makilo pafupifupi 9, saundi yake ndi yokoma koopsa makamaka pojambula. Koma izi ndi mitu chabe, mufunikanso bokosi, nde katundu akhala atatu mukawerengera gitala, manja muli nawo awiri, ndipo machubu sagwirizana ndi mabampu a tekisi komanso kukankhana kwa pa renki ya matekisi ya Noord. Kwa munthu woyenda pa tekisi ine sindingalimbikitse.

Nanga bwanji osangotenga Rumble 100 ya makilo 10 ija? Zitengera holo yanu. Ngati kutchalitchi kuli mikisa ndi masipika akuluakulu okhala ndi masabu, masipika a bezi yakuya aja, tengani 100 mosakayika, kumbuyo kwake kuli potulukira pa XLR, polowetsa waya wa mtundu wa maikolofoni, mumapereka waya ku mikisa, ampu yanu imangokhala yoti muzidzimvera nokha. Koma mwanena za maukwati, ndipo tonse tikudziwa mmene zimakhalira pa perekaniperekani, woyimba ng'oma watenthedwa, anthu akuvina akuponya ndalama, masipika a holo ndi awiri ang'onoang'ono omwe akulimbana kale ndi mawu a MC. Pamenepo sipika ya 12 ya mawatsi 100 mudzayikankha mpaka kumapeto ndipo ampu yomwe ikubanika siyinona, imangolira mowawa. Bezi yakuya imafuna mpweya wambiri woti ukankhidwe, nde kukula kwa sipika kuli ndi ntchito kuposa nambala ya mawatsi, poti olo muwirikize mawatsi kawiri kukwera kwa saundi ndi ma decibel 3 okha. Ndi chifukwa chake ndaima pa 15.

Mukayipeza, yambani manobu onse ali pakati. Treble tsitsani, high mid tsitsani pang'ono, low mid kwezani pang'ono, bass musayikhudze kaye. Maholo ambiri omwe timachita lendi kuno ndi a matailosi ndi makoma opanda kanthu, bezi imazungulira, nde mukayika ampu pakona zam'munsi zimachuluka zokha mpaka kusokoneza. Ichotseni pakona, ndipo ngati pali pulatifomu ya matabwa yomwe ikunjenjemera ikwezeni pa mpando.

Pogula, pitani ndi gitala yanu yomwe, osati kuyesera ya mushopu. Mashopu akuluakulu ngati TOMS, Marshall Music kapena Music Connection amalola kuyesa. Ndipo inyamuleni, muyende nayo mpaka pakhomo nkubwerera, chogwirira chikhale chokukwanani m'dzanja chifukwa makilo 16 a chogwirira choipa amaposa 20. Ya kaunjika ya pa Facebook Marketplace kapena mashopu a pinyolo ndi yotchipa, koma musatumize dipoziti kwa munthu yemwe simunamuone, kumanani pamalo pomwe pali magetsi, iyatseni ikhale mphindi zingapo, menyani waya wa E mwamphamvu mumve ngati sipika ikukhosomola, potokolani nobu iliyonse, yesani XLR. Ndikunena izi chifukwa bolodi ya class D ikapsa amisiri ambiri sayikonza, amangosintha yonse, ndipo mtengo wake umawawa. Pa chifukwa chomwechi gulani pulagi yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo magetsi akathima zulani ampu kukhoma musadikire kuti abwerere ili chilumikizire. Jenereta ya pa ukwati nayonso muziyamba mwaisiya ikhazikike musanalumikize.

Yang'ananinso kumbuyo pomwe palembedwa mavoti. Kuno ndi 230, kumudzi ndi 230, nde ampu yogula kuno idzagwira bwinobwino ku Malawi, mudzangosintha waya wa pulagi kuchoka ku ya mano ozungulira kupita ku ya makona ija. Koma wina akakuuzani kuti akutumizirani yotchipa kuchokera ku America, dziwani kuti kumeneko ndi 120 ndipo maampu ambiri a mtundu uwu sasintha okha, mukangoyilumikiza yapita. Katoni yake musataye, ikani pamwamba pa wadiropu, tsiku lomwe ampu idzakwere basi pa Park Station kudutsa Beitbridge mpaka Mwanza idzafuna katoniyo ndi masiponji ake onse.