Chifukwa chake mwana anathyoka pachigongono, agogo pafupi ndi dzanja

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti mwana wawo wa zaka 6 anagwa pakatungwe n'kuthyoka pamwamba pa chigongono, pamene agogo a mwanayo, omwe anaterereka m'bafa chaka chatha, anathyoka pafupi ndi dzanja. Onse awiri anagwera chikhato, ndiye akufunsa chimene chinasiyanitsa.

Mayi, pepani ndi zovutazi. Munthu akamagwa amaponya dzanja kutsogolo asanaganize n'komwe, ndipo kulemera kwa thupi lonse kumalowera pachikhato n'kukwera ndi mkono. Malo amene fupa lithyokere amatengera mmene mkono unapindikira panthawiyo, komanso pamene fupa la munthuyo lili lofooka. Pakati pa dzanja ndi chigongono pali mafupa awiri, radius la kumbali ya chala chachikulu ndi ulna la kumbali ya kachala kakang'ono, ndipo pafupi ndi dzanja radius ndi limene limasenza pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a mphamvuyo.

Agogo anagwa dzanja litapindikira m'mbuyo, choncho radius linathyokera kumapeto kwake. Kachidutswako kamakankhidwira kumsana kwa dzanja moti mkono umaoneka wokhota ngati foloko, ndipo kuthyoka kotere, komwe dokotala wa ku Dublin, Abraham Colles, anakufotokoza mu 1814, kumagwera kwambiri amayi amene anasiya kusamba chifukwa mafupa awo amakhala atayamba kufooka. Akanagwera kumsana kwa dzanja litapindira mkati, kachidutswako kakanalowera kuchikhato.

Za mwana ndi zimene zikundikhudza kwambiri. Mfundo za ana n'zofewa, kotero mwana akagwa mkono uli chiwongokere, chigongono chimatha kupitirira n'kupindikira m'mbuyo. Fupa la kumtunda kwa mkono, humerus, lili ndi kadzenje kopyapyala pamwamba penipeni pa chigongono, momwe nsonga ya ulna imalowa mkono ukawongoka, ndiye pakugwa nsongayo imakanikiza m'kadzenjemo ngati chitsulo chokanulira mpaka fupa kugonja. Zimenezi zimachitika kwambiri kwa ana a zaka 5 mpaka 7. Choopsa chake n'chakuti kutsogolo kwa malo amenewo kumadutsa mtsempha waukulu wa magazi ndi mitsempha yoyendetsa zala. Chonde muzimuona zala, ngakhale ali m'chikhakha kale. Zikazizira, kutuwa kapena kuchita dzanzi, akalephera kugundanitsa nsonga ya chala chachikulu ndi ya chala cholozera kuti zipange kamkombero, kapena ululu ukamakulirakulira makamaka mukamamuwongola zala, mubwerere naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale uli usiku, chifukwa minofu yosowa magazi imafa m'maola ochepa ndipo dzanja limatha kukwinyika mpaka kalekale.

Munthu wamkulu akagwa mofananamo, chikhato chitaloza pansi, nthawi zina mutu wa radius, nsonga yake ya kuchigongono, umagunda kumapeto kwa humerus n'kung'aluka. Sipatupa kwenikweni, ndipo ambiri amangoti abinya, mpaka ataona kuti kutembenuza kiyi pachitseko kukuwalaka. Wogwera chigongono chopindika amaswa nsonga ya ulna, pamene wokweza mkono kuti adziteteze ku ndodo amathyola ulna pakati.

Pali kugwa kwina kumene ndimakuopa chifukwa kumabisa theka la vuto. Dzanja likakhazikika pansi thupi n'kuzungulira, mkono umapotoka, ulna limathyoka, ndipo mutu wa radius umaguluka pachigongono, monga anafotokozera Giovanni Battista Monteggia wa ku Milan, nayenso mu 1814. Mafupa awiriwa ndi omangana kumtunda ndi kumunsi, choncho limodzi likathyoka n'kusuntha, linzakelo kawirikawiri limathyoka kapena kuguluka. Aliyense amaona fupa lothyokalo, koma kuguluka kuja kumaphonyeka, makamaka mwa ana, ndipo kukadziwika patapita miyezi kumafuna opaleshoni yovuta. N'chifukwa chake ekisire ya mkono imayenera kuonetsa chigongono ndi mfundo ya dzanja pamodzi, ndipo simulakwa kufunsa ngati zonse ziwiri zajambulidwa.

Mukamabwerera kwa adokotala, muwafotokozere kutalika kwa katungweyo ndi mbali imene mwana anagwera. Mawu akamusowa, mumuuze asonyeze ndi mkono wabwinowo mmene anaponyera dzanja.