Funsani Amalume: Zigogo pa njinga yamoto, mwendo si wa abwana

Amalume, ine ndine mnyamata wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu, kabaza wa njinga yamoto ndayamba mwezi wachitatu uno, njinga ndi ya abwana ena ndimangowapatsa ya tsiku. Sabata yatha kunagwa kamvula ndiye ndikutsetsereka ku Masasa ndi kasitomala tayala lakumbuyo linaterereka, kugwa sitinagwe koma nditatsitsa mwendo chigogo chinavuka nkutsalira m'matope, chikhadabo cha chala chachikulu chinachokeratu. Anzanga pa siteji ena akuti ndigule magambuti, ena akuti sefeti buti za pa kaunjika, ena akuti zonsezo ndi zamatama bola kuyendetsa bwino. Ndalama ndi yochepa, ndiyambire pati?
Wakabaza wa ku Chibavi

Mphwanga pepa ndi chalacho, komabe thokoza kuti chapita ndi chikhadabo chokha, chimameranso chimenecho. Akakolo akaphwanyika ndiye ndi miyezi uli pa ndodo, abwanawo njinga apatsa wina mawa lomwelo. Anzako oti bola kuyendetsa bwinowo uwafunse ngati galu wodumpha msewu ku Zolozolo amayamba waona laisensi.

Njinga ngati Lifo kaya Boxer imalemera kupitirira makilo 100, ndiye kuti matumba awiri a chimanga ndi kakenanso, osawerengera kasitomala. Ikamagwa imagwera mwendo wako, ikagwera kumanja pali ekizozi yamoto yokudikira. Ndiye nsapato imene ukufuna ndi yobisa mafupa awiri a pa akakolowo, yolimba, komanso yoti singavuke yokha. Pa zimene watchulazo ine ndikuti sefeti buti yachikopa. Magambuti ndi abwino kudimba, pamatope amathandizadi ndipo kusiyana ndi zigogo bola iwo, koma mwendo umasewera mkati, ukakhuluzika pa tala amavuka ngati sokosi ndipo labala yake ikagunda ekizozi imasungunuka.

Ukapita pa kaunjika usangoona kuwala kwa polishi, anyamata aja amadziwa kupukuta. Igwire kutsogolo ndi kumbuyo uyipotokole ngati ukufinya chovala chochapa, ikalola kupotoka isiye. Finya kuchidendene, kukhale kolimba osati kophwafuka. Kenako tembenuza uone soli, dinikiza ndi chikhadabo (cha kudzanja, poti chakuphazi wapereka kale). Nsapato zina za m'mabelo zinakhalitsa m'nyumba zosungira katundu kunja kuja, soli yake imaoneka yatsopano koma mkati inafumbwa, umangoyenda masiku atatu nkuyamba kunyenyeka ngati chigumu chogona. Ukaona timing'alu ting'onoting'ono kapena ikumata m'manja, ayi ndithu. Soli ikhale yalabala yamizeremizere, ndi kachidendene kotukuka pang'ono koti kazikola pa chopondera. Mwamwayi ukapeza buti yeniyeni ya njinga yamoto, mkati imakhala ndi kachizindikiro ka munthu ali pa njinga ndi zilembo zoti EN 13634, imeneyo usanenerere kwambiri wogulitsa angatulukire.

Chovuta cha sefeti buti nchoti kutsogolo kuli chitsulo ndiye ndi kotupa, nthawi zina sikulowa bwino pansi pa giya. Usataye nsapato chifukwa cha zimenezo, makaniko aliyense amasula kabauti kamodzi nkukweza giyayo pang'ono, ya mphindi zisanu. Poyesa uvale sokosi zochindikala zimene umavala mu June kukamachita chifunga m'mawa muja. Zingwe uzizilowetsa mkati, chingwe chikakola giya iwe ukufuna kutsitsa mwendo umagwa uli chiimire, anthu nkumaseka. Ikanyowa, poti kuno mvula siyang'ana kalendala, ikamo manyuzipepala igone, osaiyandikiza pa mbaula, chikopa chimang'aluka guluu nkumatuka.

Koma wafunsa poyambira ndiye ndikuuze chilungamo, ngati helemeti yako ndi ija yopepuka ngati beseni, ndalama yoyamba ipite kumeneko, buti ibwere mwezi wamawa. Ndipo chipewa chachikasu cha amisiri omanga chimene ndimachiona pa siteji zina sichipewa cha njinga, chija anachipangira njerwa yogwa kuchokera pamwamba. Helemeti yeniyeni mkati imakhala ndi chithovu choyera cholimba, chochindikala, ndi chimene chimaphwanyika m'malo mwa mutu wako, ndipo chimaphwanyika kamodzi kokha. Nchifukwa chake pa helemeti pokha kaunjika sindimamukhulupirira, sudziwa kuti mwini wake woyamba anaisiyiranji. Yang'ana chizindikiro choti inayesedwa, kansalu kosokerera pa lamba kokhala ndi E mkati mwa kabwalo, kapena zilembo zoti DOT kumbuyo, ngakhale masitika ena ndi ongomata ndiye uzigwiranso chithovucho. Ukavala igwire masaya, ukapukusa mutu isatsalire, lamba umange moti pangolowa zala ziwiri pansi pa chibwano. Yosamanga imauluka iwe usanafike pansi. Magolovesi achikopa atsatire, munthu akamagwa amatsogoza manja, kenako jekete yochindikala ndi lifulekita pamwamba pake. Ukamapita ku Ekwendeni madzulo oyendetsa mathiraki pa M1 sakuona uli mu zakuda zokhazokha.

Amalume, ine ndimakwera njinga tsiku lililonse kuchoka ku Luwinga kupita mtauni kuntchito. Mahelemeti amene amatipatsa anyamatawa fungo lake eee, komanso tsitsi ndakonza dzulo lomwe. Ndiye mwezi watha ndapsa ndi ekizozi pa katumba, chipsera chake ngati ndinadindidwa. Ife okwera tizitani, tizivalanso majombo ku ofesi?
Mayi wa ku Luwinga

Mayi, majombo ayi, koma nsapato yotseka yogwira chidendene, zazitali zija ziziyenda m'chikwama mukavalire pa ofesi. Patapata amavuka pa bampu, phazi nkupita ku masipoko. Za kupsazo, ekizozi pa njinga zambiri ili kumanja, ndiye muzikwerera ndi kutsikira kumanzere, ndipo muyambe mwaona ngati ili ndi kachitsulo kotchinga. Zikadzachitikanso thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapaka Colgate kapena dzira monga amanenera anthu, likakhala bala lalikulu kapena lotuwa pitani kuchipatala. Chimene ndimaopa kwambiri kwa inu amayi ndi chitenje ndi sikafu zolendewera, tcheni ikangokoka nsonga imakukokerani pansi nonse, muzikulunga bwinobwino musanakhale. Kukhala chammbali miyendo yonse mbali imodzi ndikudziwa ndi ulemu, koma pa kona mulibe pogwira.

Za fungo sindikutsutsani, ndinanunkhizapo. Mangani kaduku kopyapyala mkati, tsitsi litetezekanso. Poti mumakwera tsiku ndi tsiku, gulani helemeti yanuyanu ya saizi yanu, muziyisiya pansi pa tebulo ku ofesi. Lamulo la pamsewu limafuna chipewa kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe, ndipo mutu wanu sudziwa kuti mwakhala kumbuyo.

Amalume monire, ine yanga ndi bajaji ya matayala atatu, ili ndi denga, siigwa ngati njinga. Zimene mumanenazi zikundikhudza ine?
Dalaivala wa ku Katoto

Yewo achimwene. Siigwa ikaima, koma pa kona muli pa liwiro, kapena tayala limodzi likalowa m'dzenje mutadzaza matumba mbali imodzi, imanyamula mwendo nkugona chammbali, ndipo zitseko mulibe. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kutulutsa phazi kuti achirikize ngati ali pa njinga, denga ndi chitsulo chonsecho nkugwera pa mwendo. Miyendo izikhala mkati, muziwauzanso makasitomala. Inu buti yaitali siikufunika kwenikweni poti giya ili kudzanja, koma buleki ili kuphazi lamanja, ndiye nsapato ikhale yotseka ya soli yogwira, pansi paja pakalowa matope a ku Mchengautuwa silipasi imaterereka pa buleki nthawi imene mukuifunitsitsa. Ngati yanu ndi ija yonyamula katundu yokhala ndi mutu wa njinga kutsogolo, werengani zonse ndamuuza mphwanga wa ku Chibaviyo, helemeti ndi buti zomwe, zikukukhudzani.